Vayolini pa ukwati: kodi BPM, kiyi ndi 10B zimatanthauza chiyani?

Masiku ano pa maukwati ambiri a kuno ku Lusaka, nthawi yoti mkwatibwi alowe mu holo ikakwana, chimene chimamveka ndi vayolini. Ena amaitana woimba kuti aime pamaso pa anthu, koma ambiri amadalira DJ. Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Kabwata, ndi mmodzi wa ma DJ amenewa. Tsiku lina anafika kunyumba ndi laputopu yake nkhope itakwinyika. Mkwatibwi wina anamupempha kuti adzalowe ndi Méditation, nyimbo ya vayolini imene Jules Massenet analemba mu 1894, ndipo ikamatha isadzaduke, idzangolowerera mu amapiano kuti operekeza ayambe kuvina.

"Amalume," anatero, "inu mwaphunzitsa kwaya zaka zambiri. Pulogalamu iyi ikuti nyimboyi ndi 66 BPM, inayi ikuti 131. Iyi ikuti 10B, inayi ikuti 10A. Wabodza ndani pamenepa?"

Funso lomweli ndalimvanso kwa oimba kiyibodi kutchalitchi ndiponso kwa makolo amene ana awo akuphunzira vayolini. Palibe pulogalamu imene ikunama. Manambalawa anapangidwira nyimbo zovina, zimene zimagunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndipo sizichoka pa kiyi imodzi. Nyimbo ya vayolini imapuma, imathamanga, imachoka kwawo nkukabwerako. Kuti timvetse pamene manambala amathandiza ndi pamene amalephera, tiyenera kutenga mawu aliwonse paokha.

Tempo ndi BPM

Tempo ndi mawu a Chitaliyana otanthauza nthawi. Pa nyimbo amanena za liwiro, kufulumira kwa kugunda kuja kumene phazi lanu limatsatira pansi. BPM ndi chiwerengero cha kugundako pa mphindi imodzi. 60 BPM ndi kamodzi pa sekondi, ngati wotchi ya pakhoma. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala phee umagunda pakati pa 60 ndi 100. Amapiano ambiri amayenda cha m'ma 110 mpaka 115.

Olemba nyimbo akale analibe manambala otere. Kuyambira zaka za m'ma 1600 ankalemba mawu pamwamba pa pepala. Adagio ndi mofatsa. Andante anachokera ku mawu otanthauza kuyenda. Allegro kwenikweni ndi mokondwa, ngakhale lero ambiri amangomva kuti mofulumira. Presto ndi mothamanga. Mawuwa amanena za mtima wa nyimbo kuposa liwiro lake. Zili ngati mayi akamatuma mwana kumsika nkumuuza kuti ayende msanga: mwana aliyense ali ndi msanga wake. Massenet pa nyimbo ija analembapo Andante religioso, kutanthauza kuyenda ngati munthu amene ali m'pemphero.

Chipangizo choyeza liwiro, metironomu, chinabwera mochedwa. Dietrich Nikolaus Winkel wa ku Amsterdam ndiye anatulukira kachitsulo kogwedezeka uku ndi uku kokhala ndi cholemera chosuntha, koma Johann Nepomuk Maelzel anaonjezerapo manambala nkuchilembetsa m'dzina lake mu 1815. Ndiye chifukwa chake pa mapepala ena mumaona zilembo M.M., zoimira metironomu ya Maelzel, patsogolo pa nambala. Beethoven anachikonda, ndipo mu 1817 anatulutsa manambala a liwiro la ma symphony ake asanu ndi atatu oyamba, nyimbo zazitali za okesitira, gulu lalikulu la oimba zipangizo. Brahms sankachikhulupirira.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Vivaldi anamwalira mu 1741, Bach mu 1750, Mozart mu 1791, onse metironomu isanabwere. Concerto ya vayolini ya Beethoven, nyimbo yaitali imene vayolini imodzi imatsogolera okesitira, ndi ya mu 1806, ndipo pa gawo loyamba anangolembapo Allegro ma non troppo, mokondwa koma osapitirira muyeso. Choncho BPM iliyonse imene mungaone pa nyimbo zimenezi si ya wolemba. Ndi ya woimba amene anajambulidwa tsiku limenelo. Oimba awiri akhoza kusiyana kwambiri pa nyimbo imodzi, onse nkukhala kuti akutsata pepala.

Chifukwa chake makina amasokonezeka powerenga

Pulogalamu imapeza BPM pomvetsera malo amene phokoso likuyamba mwadzidzidzi, kenaka nkuyeza mpata wa pakati pake. Ng'oma ya m'nyimbo zovina imaithandiza kwambiri, chifukwa imati di, di, di, pa nthawi yake. Uta wa vayolini sugunda. Umakwekwesa nsambo, liwu nkumatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pa kasupe, ndipo nthawi zambiri manoti angapo amaimbidwa pa kukoka kumodzi. Makina amasowa pogwira.

Za 66 ndi 131 zija nzosavuta. Ganizirani amayi awiri akusinja pa mtondo umodzi, misi ikusinthana. Munthu wina akuwerenga musi wa mayi mmodzi yekha, wina akuwerenga misi yonse iwiri. Wachiwiri apeza nambala yowirikiza, koma chimanga chikusinjidwa pa liwiro lomwelo. Pulogalamu ina inawerenga kugunda kwakukulu, ina inawerenga timagawo ta pakati. Mukaona manambala awiri, ina ili pafupi ndi theka la inzake, dziwani kuti ndi nkhani ya misi iwiri.

Vuto lenileni ndi limene oimba amati rubato, mawu a Chitaliyana otanthauza chobedwa. Woimba amachedwa dala pa noti imene ikumukhudza, amafulumira pamene nyimbo ikukwera, amapuma mzere usanayambe. Ife a kwaya timachidziwa bwino chinthu chimenechi, ngakhale sitichitchula dzina: mzere womaliza wa nyimbo ya pa maliro suyenda ngati woyamba. Mu Méditation rubato ndiye moyo wa nyimbo. Nambala ya 66 ili ngati kunena kuti minibasi yochoka mu tauni kupita ku Chelstone imayenda pa liwiro lakutilakuti. Ndi zoona mukagawa mtunda ndi nthawi, koma minibasiyo inaima pa Manda Hill, inathamanga itadutsa UNZA, inadikira okwera pa Munali. Palibe mphindi imene inayendadi pa liwiro limene mwawerengalo.

Nyimbo zina zimasintha liwiro poyera. Csárdás ya Vittorio Monti, ya mu 1904, imene ophunzira vayolini amaikonda, imayamba mochedwa kwambiri, kenaka imathamanga, imafatsanso, nkumaliza ndi liwiro lalikulu. Mu concerto mulinso malo otchedwa cadenza, pamene okesitira yonse imakhala chete, woimba vayolini nkumayenda yekha mopanda womuwerengera. Kulemba BPM imodzi pa nyimbo zotere nkosatheka.

A ndi 440: muyeso wa mawu

Tisanafike pa kiyi, pali nkhani ya kuchuna. Kwathu timati mawu aang'ono ndi mawu aakulu, a mwana ndi a bambo. Chimene chimasiyanitsa ndi kunjenjemera. Nsambo ikanjenjemera kambiri pa sekondi, liwu limakhala laling'ono, lokwera. Kunjenjemera kumodzi pa sekondi kumatchedwa 1 Hz, dzina lochokera kwa Heinrich Hertz. Noti ya A, imene oimba onse amachunirapo asanayambe, lero imaikidwa pa 440 Hz.

Sizinali choncho kuyambira kale. Mzinda uliwonse ku Ulaya unali ndi A wake, nthawi zina tchalitchi chilichonse, malinga ndi mmene limba la m'menemo linapangidwira. Boma la France linakhazikitsa 435 mu 1859. Msonkhano wa ku London mu 1939 unagwirizana pa 440, ndipo bungwe la ISO, loona za miyeso pa dziko lonse, linatsimikiza nambalayi mu 1955 ndi mu 1975. Zili ngati meda ya pa msika wa Soweto ndi sikelo ya m'sitolo. Meda inkagwira ntchito bwino pakati pa anthu odziwana, koma malonda atakula panafunika kilogalamu imodzi ya onse.

Ngakhale lero si onse amene amatsata 440. Ma okesitira ambiri a ku Ulaya amachuna pa 442 kapena 443. Kusiyanaku nkochepa, koma mukaika vayolini ya 442 pamodzi ndi kiyibodi ya 440, noti yaitali ya A imamveka ikugwedezeka kawiri pa sekondi, wawu wawu, ndipo khutu limadziwa kuti china chalakwika ngakhale munthu sangathe kuchitchula. Oimba nyimbo za nthawi ya Bach ndi Vivaldi pa zipangizo zachikale amakonda 415. Nambala imeneyi ili pansi pa 440 ndi sitepe imodzi yaing'ono yathunthu, mpata wa pakati pa batani la kiyibodi ndi loyandikana nalo, kapena wa pakati pa me ndi fa. Tidzaona posachedwa kuti zimenezi zimasokoneza bwanji manambala a DJ.

Kiyi: kwawo kwa nyimbo

Amene anakulira m'kwaya za Reformed Church in Zambia, UCZ, CCAP kapena Katolika anayamba kale kuidziwa kiyi, chifukwa anaphunzira ndi doh, re, me. Njira imeneyi anaiyambitsa Sarah Glover wa ku Norwich, John Curwen nkuifalitsa kuyambira zaka za m'ma 1840, ndipo amishonale anabwera nayo kuno. Pamwamba pa pepala pamalembedwa "Doh is D" kapena "Key D". Tanthauzo lake ndi lakuti doh, noti imene nyimbo imapumirapo, yaikidwa pa D. Kiyi ndi kwawo kwa nyimbo. Ikhoza kuyendayenda, koma khutu limadikira kuti ibwerere pakhomo.

Mukachoka pa noti ina nkukwera mpaka kunjenjemera kutawirikiza, kuchoka pa 440 kufika pa 880, mwafika pa noti yomweyo m'mawu aang'ono. Ndi zimene zimachitika bambo ndi mayi akamaimba nyimbo imodzi limodzi. Nyimbo za ku Ulaya zinagawa mpata umenewu m'masitepe aang'ono 12, ndipo kiyi iliyonse imasankhapo manoti 7. Doh akhoza kukhala pa sitepe iliyonse mwa 12, ndiwo ma kiyi a major. Nyimbo ikapumira pa lah m'malo mwa doh, imakhala ya minor, ndipo amenewonso alipo 12. Onse pamodzi ndi 24. Mu 1722 Bach analemba buku la nyimbo za kiyibodi lodutsa m'ma kiyi onse 24.

Anthu amakonda kunena kuti major ndi wa chimwemwe, minor ndi wa chisoni. Pali choonadi pang'ono, koma si lamulo. Nyimbo zambiri zimene timaimba pa maliro zili mu major, ndipo zimatiliritsa ndithu.

Tsopano za 10B ndi 10A. Kwa ma DJ, 10B ndi D major, 10A ndi B minor. Doh akakhala D, lah amakhala B. D major ndi B minor amagwiritsa ntchito manoti 7 omwewo. Ali ngati nyumba ziwiri za pa bwalo limodzi zodyera nkhokwe imodzi. Pulogalamu imapeza kiyi powerenga kuti noti iliyonse mwa 12 yamveka kangati ndiponso mwamphamvu bwanji, kenaka nkufananitsa ndi chithunzi cha kiyi iliyonse. Njira zambiri zotere zinamangidwa pa kafukufuku wa Carol Krumhansl wa zaka za m'ma 1980. Koma kuwerenga chimanga cha m'nkhokwe sikukuuzani nyumba imene nsima ikuphikidwamo. Ndiye chifukwa chake makina amasinthanitsa D major ndi B minor kawirikawiri. Pa Méditation yankho la pa pepala ndi D major.

Chinanso, nyimbo yaitali ya vayolini sikhala pakhomo. Imanyamuka ngati basi ya ku Chipata, kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, ndipo pomaliza imabwerera ku Lusaka. Concerto ya Beethoven imatchedwa ya D major, koma m'gawo loyamba lomwelo imasamukira ku A major, ndipo pakati pali kachigawo kokhudza mtima kwambiri ka mu G minor. Gawo lachiwiri lonse lili mu G major. Dzina la D major likunena kumene basi inanyamukira ndi kumene idzagone. DJ amene wadula masekondi 40 pakati pa ulendo akhoza kukhala ali ku Petauke.

Chifukwa chake vayolini imakonda D

Mukayang'ana ma concerto otchuka a vayolini mudzadabwa. Ya Beethoven ili mu D major. Ya Brahms ndi ya Tchaikovsky, zonse za mu 1878, zili mu D major. Yachinayi ya Mozart, ya mu 1775, D major. Ya Sibelius D minor, ya Mendelssohn E minor, yoyamba ya Bruch G minor. Sizinangochitika. Vayolini ili ndi nsambo zinayi: G, D, A ndi E. Nsambo imene sinapanidwe ndi chala imalira momasuka, ndipo imanjenjemeranso yokha noti yofanana nayo ikaimbidwa pa nsambo ina. Mu D major, doh ndi D, soh ndi A, fa ndi G. Mizati itatu ya nyumba yonse ili pa nsambo zomasuka, choncho thupi lonse la chipangizo limayankha. Mu kiyi ngati A flat, amene ndi A wotsika ndi sitepe imodzi yaing'ono, nsambo zomasuka sizithandiza kwenikweni, ndipo liwu limamveka lophimbika.

Ichi nchifukwa chake kusamutsa nyimbo ya vayolini kupita ku kiyi ina si nkhani yaing'ono. Chitsanzo chodziwika ndi Air ya Bach, ya mu suite yake yachitatu ya okesitira, imene analemba mu D major. Mu 1871 August Wilhelmj anaitsitsira ku C major kuti yonse iimbidwe pa nsambo yaikulu ya G. Nyimbo ndi yomweyo, koma liwu linasanduka lakuya ngati la munthu wamkulu. Zojambula za mitundu yonse iwiri zilipo lero, ndipo dzina la pa foni silikuuzani kuti mwatenga iti.

Gudumu la Camelot

Ma DJ akamati nyimbo ziwiri zikugwirizana, amatanthauza kuti ina ikamalowa inzake isanathe, manoti ake salimbana. Kuti asamaloweze ma kiyi 24, amagwiritsa ntchito gudumu looneka ngati wotchi. Manambala ndi 1 mpaka 12, chilembo B ndi major, A ndi minor. C major ndi 8B, G major 9B, D major 10B, A major 11B, E major 12B. A minor ndi 8A, D minor 7A, G minor 6A. Analikonza motere ndi Mark Davis, ndipo linafala kwambiri pulogalamu ya Mixed In Key itatuluka mu 2006. Lamulo lake ndi lalifupi: khalani pa nambala yomweyo, kapena sunthani ndi imodzi kutsogolo kapena kumbuyo, kapena sinthani chilembo chokha.

Gudumuli ndi lakale kuposa ma DJ. Maziko ake ndi mpata wa pakati pa doh ndi soh, umene Agiriki a nthawi ya Pythagoras anapeza kuti ndi 3 kwa 2: nsambo ina ikanjenjemera kawiri, inzake yanjenjemera katatu. Nsambo za vayolini zimasiyana ndi mpata womwewu. Mukatenga soh nkumusandutsa doh watsopano, nkuchitanso choncho ka 12, mumadutsa m'ma kiyi onse nkubwerera poyambira. Nikolai Diletsky anajambula bwalo limeneli m'zaka za m'ma 1670, ndipo Johann David Heinichen anasindikiza lake mu 1728. Ma kiyi oyandikana amagawana manoti 6 mwa 7. D major ndi A major amasiyana pa noti imodzi yokha, G ndi G sharp, amene ndi G wokwera ndi sitepe imodzi yaing'ono. Ndi anthu apachibale, akakumana sasowa chokambirana.

Pa nyimbo zovina gudumuli limagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Lathandiza achinyamata ambiri amene sanalowepo m'kalasi ya nyimbo kumva zimene makutu awo ankazidziwa kale. Koma pa vayolini lili ndi malire atatu.

Oyamba ndi a kuchuna kuja. Nyimbo zinayi za nyengo za pa chaka za Vivaldi zinasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725, ndipo yoyamba ili mu E major, 12B. Gulu loimba pa 415 likaijambula, kwa kiyibodi yathu imamveka ngati E flat major, imene ndi 5B. Sitepe imodzi yaing'ono yakuponyani pafupifupi tsidya lina la gudumu. Pepala likuti 12B, khutu likuti 5B, ndipo DJ ayenera kumvera khutu.

Achiwiri ndi akuti gudumu limaona patali pamene olemba nyimbo amaona pafupi. D major ndi 10B, D minor ndi 7A, ndipo lamulo lija silikulolani kulumpha pamenepo. Koma Chaconne ya Bach, ya mu 1720, imene vayolini imaimba yokha kwa mphindi pafupifupi 15, imayamba mu D minor, pakati nkutseguka mu D major ngati dzuwa latuluka, kenaka nkubwerera. Malo amenewo ndi amodzi mwa okongola kwambiri amene ndikuwadziwa. Csárdás nayo imayamba mu D minor nkumaliza mu D major. Pakhomo ndi pomwepo, changosintha ndi kuwala.

Achitatu ndi akuti kiyi imodzi sikutanthauza kuti sekondi iliyonse igwirizana. M'kati mwa kiyi muli mitolo ya manoti imene oimba gitala amati ma chord, ndipo imasinthasintha. Kwaya ziwiri zikhoza kuimba nyimbo ziwiri zosiyana mu D, koma pamene ina ili pa doh, me, soh, inzake nkukhala pa re, fa, lah. Canon ya Johann Pachelbel, ya ma vayolini atatu ndi besi, imapezeka kwambiri m'manja mwa ma DJ pa chifukwa chomveka: besi yake ndi manoti 8 okha, D, A, B, F sharp, G, D, G, A, obwerezedwa ka 28 pa liwiro losasintha. Imayenda ngati nyimbo yovina. Méditation siyenda choncho.

Chala chopanda malire

Gitala ili ndi tizitsulo pa khosi pake tosonyeza poika chala. Vayolini ilibe, mofanana ndi kaligo wa kwathu. Woimba amasankha yekha pamene noti ikhale, ndipo izi zimatifikitsa pa chinsinsi china. Bwalo lija la doh ndi soh silitsekeka bwinobwino. Mukayenda ka 12 ndi 3 kwa 2 weniweni, mumapitirira poyambira ndi pafupifupi kota ya sitepe yaing'ono. Opanga piyano ndi kiyibodi anachita ngati telala amene nsalu yamutsalira pang'ono: anaibisa m'misoko yonse 12. Sitepe yaing'ono ikagawidwa pa 100, soh aliyense wa pa kiyibodi ndi wotsika ndi magawo awiri, ndipo me ndi wokwera ndi magawo 14 kuposa amene kwaya yabwino imapeza yokha ikamaimba popanda chipangizo. Woimba vayolini akachuna E kuchokera pa A wa 440 amafika pa 660, pamene kiyibodi ili pa 659 ndi pang'ono.

Oimba amasuntha chala malinga ndi amene akuimba naye. Akakhala ndi piyano amaitsatira, akakhala okha amakonda kukweza te kuti akokere khutu kwa doh. Pamwamba pa izi pali vibrato, kugwedeza chala kumene kumachititsa liwu kukwera ndi kutsika pang'ono ka 5 mpaka ka 7 pa sekondi. Choncho ngakhale manambala onse atagwirizana, noti yaitali ya vayolini ikhoza kukhulana pang'ono ndi mawu a pa kompyuta.

Kukoka nyimbo kuti ikwane

Amene tinakula ndi wailesi za kaseti timakumbukira zimene zinkachitika mabatire akamatha: nyimbo inkachedwa, mawu a woimba nkumatsika. Liwiro ndi kukwera kwa mawu zinali zomangana. Kuonjezera liwiro ndi 6 peresenti kumakweza nyimbo ndi sitepe imodzi yaing'ono, ndiye kuti 10B amasanduka 5B. Makina a masiku ano ali ndi batani, lotchedwa key lock kapena master tempo, limene limamasula ziwirizi. Limadula phokoso m'tizidutswa ting'onoting'ono nkutilumikizanso. Pa ng'oma sizimveka kwenikweni. Pa vayolini, mukakoka kwambiri, vibrato imafulumira kapena kuchedwa mosakhala mwachibadwa, ndipo liwu limayamba kumveka ngati la chitsulo.

Njira zimene anthu amatsata zilipo zingapo. Ena amalola vayolini imalize yokha, nkulowetsa nyimbo yovina pa noti yomaliza yaitali, pamene palibe kugunda koti kulimbane. Ena amadula kachigawo kakafupi kamene sikachoka pa kiyi, nkukawongola noti ndi noti kuti kagwere pa kugunda kwa makina. Ena amaitana woimba vayolini kuti aimbe akumvera kugundako m'khutu, achune pa 440, asiye rubato. Mwana wa mlongo wanga anasankha njira yoyamba. Mnzake amene amagwira naye ntchito ankafuna yachiwiri, ndipo anali ndi zifukwa zake zomveka: operekeza amafuna kumva kugunda asanaponye phazi.

Mafunso amene adakali poyera

Akatswiri sanagwirizanebe za manambala a Beethoven. Ena mwa manambalawa ndi othamanga kwambiri moti oimba ambiri sawafika, monga 138 ya pa sonata yake ya piyano yotchedwa Hammerklavier. Kodi metironomu yake inali yowonongeka, kodi ankaiwerenga molakwa, kodi kugontha kunamuchititsa kumva nyimbo mofulumira m'mutu, kapena ankatanthauzadi zimene analemba? Mbali iliyonse ili ndi oikhalira kumbuyo.

Palinso funso la kuwongola rubato. Ena amati Méditation yoikidwa pa kugunda kwa makina yataya chimene chinaipanga kukhala Méditation. Ena amati Wilhelmj anasintha Bach, nyimboyo nkufika kwa anthu ochuluka, ndipo mwana wa ku Matero amene wamva vayolini koyamba pa amapiano mwina ndi amene adzagogode pa Evelyn Hone College kufuna kuphunzira. Kodi nyimbo imasiya kukhala yomweyo pa malire ati?

Kodi kiyi iliyonse ili ndi khalidwe lake? Christian Schubart, m'buku limene linatuluka mu 1806, anati D major ndi kiyi ya chipambano. Pa kiyibodi ya lero masitepe onse ndi ofanana, choncho ena amati kusiyanako kunatha. Oimba vayolini amayankha kuti pa chipangizo chawo D ndi A flat sizidzamveka mofanana. Kodi khalidwelo lili mu kiyi, mu thabwa ndi nsambo, kapena m'chizolowezi cha omvera?

Funso limene limandikhudza kwambiri ndi la zipangizo zathu. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, atayenda m'dziko lino ndi ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 akujambula nyimbo, ankayeza kachunidwe ka kalimba ndi zipangizo zina, ndipo zambiri sizinagwere pa masitepe 12 a piyano. Ng'oma ya gule imawambidwa pa moto kuti ikwere, imamatidwa phula kuti itsike, ndipo muyeso wake ndi khutu la woimba ndi mawu a ng'oma zinzake. Pulogalamu ikapatsidwa kalimba ya ku Petauke kapena silimba ya ku Mongu idzatulutsabe nambala ndi chilembo, chifukwa inapangidwa kuti isakhale chete. Kodi nambala imeneyo ikuyeza chiyani? Ndipo mnyamata wa ku Chawama akafuna kuika vayolini, kaligo ndi amapiano m'nyimbo imodzi, ndani mwa atatuwa amene ayenera kuchunidwa kuti atsatire anzake?